Dothi Lofiira M'makina Otsuka Mbale

Ba Kafula anali mayi amene anasiya upolisi, koma upolisi sunawasiye. Atakhala pakhonde pawo mu Matero, ku Lusaka, akusankha mabulauzi a salaula, akaunjika aja, oti akagulitse, maso awo ankangogwira ntchito okha: uyu wadutsa kawiri, uyo wapita ndi thumba lodzaza koma wabwerako chimanjamanja. Msewu wonse unkawatchulabe Ba Sajeni, ndipo kunena zoona dzinalo linkawakomera kwambiri.

Choncho Lachinayi masana, pamene kuseri kwa mpanda kunaphulika mawu a Ba Binti, bulauzi inagwa yokha m'manja mwawo.

"Malaiti yayendanso! Felistus! Tuluka, nikuone kumaso!"

Ba Kafula anavala patapata n'kunyamuka. Sanadikire kuitanidwa. Mlandu suitana munthu, umangonunkha.

Kwa Ba Binti sabata imeneyo kunali piringupiringu. Loweruka likubweralo kunali chikwati cha Hafswa, mwana wawo wotsiriza. Pakhonde amuna awo, Ba Hatibu, telala amene anachoka ku Mangochi akadali mnyamata, ankapalasa makina awo osokera osatukula mutu. M'nyumba, mu filiza yaikulu, munagona ng'ombe yathunthu yozingidwa mwa Chisilamu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pansi pa filizayo madzi anali atayamba kudontha.

"Ba Sajeni, mwabwera bwino," anatero Ba Binti, manja ali m'chiuno, mulu wa makiyi ukulira pakona ya chitenje chawo. "Onani kwa baneba konse malaiti yaliko. Pano pokha! Tsiku ndi tsiku nikapita ku maketi masana, nipeza swichi yagwetsedwa. Nikaikweza, igwa. Nikaikweza, igwa. Mpaka madzulo. Manje onani bokosi ya maswichi ili pati."

Kabokosi ka maswichi kanali m'kanjira ka m'nyumba, pafupi penipeni ndi chitseko cha chipinda cha Felistus, mkazi wa mwana wawo Idris. Mwini chipindayo anali ataima pomwepo, mutu uli pansi, singano ndi mikanda zili m'manja.

"Angachitirenji zimenezo?" anafunsa Ba Kafula.

"Nsanje! Chikwati chake ife sitinapiteko, chifukwa anali wa chalichi chija cha ng'oma ndi magitala. Manje afuna cha mwana wanga chinunkhe nyama yowola." Ba Binti anatembenukira mpongozi wawo. "Mvera iwe. Malaiti yakayendanso mawa, longedza. Idris akabwera ndi thiraki yake, akakupeze kwa amako ku Kabanana."

Ba Kafula anamvera Felistus chisoni, koma anadziwanso kuti chisoni si umboni.

"Masana mukhala kuti, Ba Felistus?"

"Mu rumu chabe, Ba Sajeni. Nisoka mikanda pa diresi ya Hafswa."

"Alipo amene amakuonani?"

"Kulibe. Nimavala chitseko, diresi isaoneke."

"Mwamva?" anatero Ba Binti. "Kulibe!"

"Nanga wina amene amatsala panyumba ndani?"

"Whyson, wa lendi kumbuyoko. Ndi atate ake Idris, koma awo musawawerengere. Zaka zonsezi sadziwa ndi komwe kukhala supuni."

* * *

Whyson anali m'kachipinda kake kuseri kwa nyumba, atazunguliridwa ndi mawailesi otsegula mimba. Kale ankayang'anira zamagetsi pa fakitale ina ya boma, koma fakitaleyo itagulitsidwa, monga zinkagulitsidwira zambiri zaka zimenezo, anamuuza kuti akapume kunyumba asanatope.

"Ba Sajeni, ine sinilimo mu nkhani iyi," anayamba kukana asanafunsidwe. "Ninayesa kukamba, bamai ba landilodi bati iwe zii, uli ku saidi ya Felistus. Manje ine nili chabe zii, nisachosewe pa nyumba."

"Kamba na ine. Unafuna kukamba chani?"

"Ija swichi ikulu siifuna kwanja ya muntu. Ni mulonda. Malaiti yakataika njila, mwina yakumana na manzi, mwina waya yagunda chisulo, igwa yeka kuti muntu asafe. Ngati ikana kukwela, ndiye kuti kawalala, wakuba malaiti uja, akali mukati, pa waya."

"Masana umamva chani?"

Whyson anakanda m'mutu ndi sikuludiraiva. "Chipupa changa ni chamene cha kicheni. Bamai bakachoka chabe, nimvela chintu cholema chidonsewa pansi, kwee, kwee. Pambuyo manzi, khwaa. Elo muntu ang'ung'uza pansi pansi, monga apenda vintu, imozi, ziwili, zitatu. Pasapite na ntawi, wailesi yanga yafa."

"Mwamuna olo mukazi?"

"Awe, apo siniziba. Chipupa ni cha mabuloko."

Ba Kafula anamwetulira. Mtima wawo unali kuvina ngati masiku aja a yunifolomu. "Nyamula vipangizo vako," anatero. "Tizapanga perete."

* * *

Pa polisi, akafuna kuti mboni iloze wakuba, amaika anthu pamzere. Ba Kafula anachita chimodzimodzi, kungoti oganiziridwa awo anali ndi michira ya mawaya. Analamula kuti chilichonse m'nyumbamo chizulidwe pakhoma: filiza, firiji, tivi, nsimbi, ketulo, mbaula ya magetsi, ngakhale mawailesi a Whyson. Atatero anakweza swichi yaikulu ija.

Inakhala. Babu la m'kanjira linayaka.

"Mwaona? Palibe amene waigwira," anatero. "Manje mmodzi mmodzi."

Anayamba ndi filiza. Inang'ung'udza, swichi osagwedezeka, ndipo Ba Binti anapuma mpweya wautali. Firiji inapambana mayeso. Tivi inatulutsa nkhope ya munthu wowerenga nkhani, nayo inamasulidwa. Nsimbi, imene Ba Kafula ankaikayikira chifukwa cha chingwe chake chomangidwa ndi pulasitiki, inatuluka yopanda mlandu. Azimayi awiri amene anabwera kudzasankha mpunga anasiya malichero awo n'kumawomba m'manja chinthu chilichonse chikapulumuka.

Pakona ya khitchini panatsala woganiziridwa mmodzi, woyera, wamakona anayi, atafunditsidwa kansalu koluka: makina otsuka mbale.

Makina amenewa anali kunyada kwa msewu wonse. Hotela ina m'tauni itatsekedwa, katundu wake anagulitsidwa pa okushoni, ndipo Felistus anawagula ndi phindu la kabizinesi kake n'kuwapereka kwa apongozi ake, kuti mbale za chikwati zisathyole anthu misana. Masabata awiri oyamba anagwira ntchito bwinobwino. Ba Binti ankaitana anzawo kudzamvetsera mmene madzi ankawindukira mkatimo, ngakhale sanathokozepo wogulayo.

"Awa lero sitinawayatse n'komwe," anatero Ba Binti.

"Olo yazime, malinga pulagi ili ku chipupa, malaiti yafika mukati," anayankha Whyson. Analowetsa pulagi.

Thapu! Swichi inagwa. Tivi inazima munthu uja ali kukamwa yasaa.

"Makina ake!" anakuwa Ba Binti. "Sindinanene ine?"

"Dekhani," anatero Ba Kafula. "Tagwira mpeni, sitinagwire mwini mpeni. Whyson, zula, utsegule pansi."

Whyson anazula pulagi, anapendeketsa makinawo n'kumasula chitsulo chapansi. Madzi anakhuthukira pa simenti. Sanali madzi oyera. Whyson analowetsa dzanja pomwe mawaya amakumana, ndipo zala zinatuluka zitapakika matope ofiira ngati chikule.

Bwalo la Ba Binti linali la simenti, ndipo fumbi la msewu wawo linali lakuda chifukwa cha ogulitsa makala pakona. Dothi lofiira chotero mu Matero munalibe.

"La ku Kabanana," ananong'ona Ba Binti, maso ali tong'o. "Dothi la kwawo. Mankhwala m'nyumba mwanga!"

Ba Kafula anayang'ana Felistus, akuyembekeza kuti akana. Koma mtsikanayo anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Ni mulandu wanga," anatero. "Musavutike, bamai. Nizalongeza."

* * *

Munthu akavomera mlandu, wapolisi waulesi amatseka buku n'kupita kukamwa tiyi. Ba Kafula sanali waulesi. Anatulutsa aliyense m'khitchinimo n'kutsala okha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anagwada movutikira, mawondo akudandaula. Pa simenti panali mikwingwirima yosonyeza kuti makinawo akhala akukokedwa kuchoka kukhoma ndi kubwezedwa kangapo. Kansalu koluka kanali kouma, koma pansi pake, pamwamba pa makina, panali chinyezi. M'mbali namo munali mizere ya madzi ofiirira, youma ndi yatsopano. Wothira mankhwala amabisa kaphukusi pakona. Uyu sanabise kanthu. Uyu anawasambitsa makinawo thupi lonse, ngati mwana.

Kenako anasuzumira kukhoma, kuseri kumene makina ankabisa. Panali timizere ta choko, toimirira, m'magulumagulu. Gulu lina tinayi. Lina tisanu. Lina tisanu n'kamodzi. Palibe gulu limene linapitirira apo. Anakhudza kamzere kamodzi ndi chala. Sichinali choko cha kusukulu. Chinali chabuluu, choterera ngati sopo.

Kunja, pakhonde, makina osokera ankalirabe: tiki tiki tiki tiki. Ba Kafula anamvetsera kulirako, n'kuyang'ana babu lozima, n'kumvetseranso. Nyumba yonse inalibe magetsi, koma munthu mmodzi yekha ntchito yake sinaime.

Anaseka okha mpaka anagwira khoma.

* * *

"Odi, Ba Hatibu."

"Lowani, mayi. Pepani, manja ali pantchito. Anthu onse akufuna zovala zawo Loweruka lisanafike."

Ba Hatibu ankayankhula Chichewa chakwawo, chodekha, chimene zaka zonse za mu Lusaka zinalephera kuchipinda. Mapazi awo ankapalasa chopondera cha makina. Kuseri kwa khutu kunali kachidutswa ka choko chabuluu. Njinga yawo inatsamira mzati, ndipo pakaliyala panali kathumba ka simenti kopindidwa, kofiira kukamwa.

"Mwayenda ulendo posachedwa?"

"Ku Chazanga kokha, kwa mng'ono wanga Mussa, kukamuuza za ukwati."

"Kuli chulu chabwino kumeneko, ati?"

Mapazi anachedwa pang'ono. "Chilipo, kumunda kwake. Malo oyera, sikufika zonyansa."

Ba Kafula anakhala pa benchi ya makasitomala. "Niphunzitseni chinthu chimodzi, bambo. Ine ndine wa Katolika, siniziba. Pa Chisilamu, mbale ikakhudzana na nyama ya nkhumba, olo galu ainyambita, muitaya?"

"Ayi, sititaya." Nkhope ya mkuluyo inawala, pakuti ankakonda mafunso otere. "Imeneyo timati najisi yaikulu. Umatsuka kasanu n'kawiri, ndipo kamodzi mwa maulendo amenewo madzi ake umasakaniza ndi dothi loyera. Ukatero yayera, ungadyeremo."

"Nanga makina amene anatsuka mbale za mu hotela zaka na zaka?"

Makina osokera anaima.

"Mayi," anatero Ba Hatibu motsitsa mawu, "mu hotela muja azungu ankadya nkhumba m'mawa uliwonse. Ndipo ndinamva kuti alonda ake anali ndi agalu ogona kukhitchini. Loweruka kubwera a Shehe ndi mzikiti wonse kudzadyera m'mbale zotuluka mmenemo. Ndikanagona bwanji?"

"Ndiye munatsuka mkati na kunja."

"Ndi pansi pomwe. Galu amanyambita paliponse."

"Koma bwanji tsiku na tsiku?"

Mkuluyo anachotsa chipewa chake choyera n'kuchiyang'ana mkati mwamanyazi. "Sindinamalizepo. Ndikafika pakati, kasitomala odi, odi. Ndikabwerera, ndimayang'ana timizere tanga, ndiye mtima umafunsa: kamzere aka ndinalemba nditathira, kapena ndisanathire? Pa zinthu za Mulungu sitichita zongoganizira. Ndiye mawa lake ndimayambiranso."

"Simunaone kuti malaiti yazima mukathira?"

"Anga ndi opalasa awa, sadya magetsi. Zoti azima ndimamva pambuyo pake, amayi ake Idris akamakalipa." Anaima, n'kuyang'ana Ba Kafula modabwa. "Koma zikukhudzana bwanji? Makina aja si amadzi omwe? Nsomba ingafe ndi madzi?"

"Madzi ake ali na njira yake, bambo. Imwe munathira kumene kugona mawaya. Walira mvula walira matope."

"Kalanga ine!" Ba Hatibu anagwira mutu.

"Nanga munabisiranji? Mukanangonena."

"Mwana uja anabweretsa mphatso ndi manja awiri, m'nyumba imene sinamulandire ndi manja awiri. Ndikanati mphatso yako ndi yodetsedwa, iye akanamva kuti ndikunena iyeyo. Sindinafune kumuswa mtima."

"Manje ali mkati, alongedza sutikesi. Bamai bamuthamangitsa."

Ba Kafula anali asanaonepo munthu wa zaka zimenezo akudumpha chotero. Nsalu ya kasitomala inagwera pansi, iwo osaitola.

* * *

Anakumana ndi Felistus m'kanjira, sutikesi ili m'manja, diresi ya Hafswa ataiyala bwinobwino pabedi ndi mikanda yake yotsala. Ba Binti anali ataima pakhomo la khitchini, Whyson akusuzumira kumbuyo kwawo.

"Ikani pansi katunduyo, mwana wanga," anatero Ba Hatibu akupuma mwawefuwefu. "Amayi ake Idris, wakuba mukumufunayo ndine."

Anafotokoza zonse, za chulu cha ku Chazanga, za ndowa, za timizere tosafika. Whyson anathawira panja kukasekera ku mpanda.

Koma Ba Kafula anali ndi funso limodzi lotsala, ndipo linkawayabwa.

"Ba Felistus, imwe munavomera mulandu wosapalamula. Chifukwa chani?"

Felistus anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Nenze niganiza ni dothi yanga yasalila mukati."

"Yanu?"

"Pamene ninagula mashini, sininaibwelese kuno diretiti. Ninaipeleka kwa bamai banga ku Kabanana. Ninaziba kuti yachoka mu hotela. Ninayenda kwa bakazi ba Shehe kufunsa, banilangiza vochita. Ninasuka mukati na vitsulo vake vonse, imozi na dothi ya pa chulu. Ninayanika pa zuba mpaka yauma, ndiye ninabwelesa." Anayang'ana pansi. "Sininakambe. Nenze niyopa muzati nizionesela, nifuna chabe kukondewa."

Ba Hatibu anayandikira pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa mwana.

"Munatsuka kangati?"

"Seveni, batata."

"Osasokoneza?"

"Nenze naika tumiyala seveni mu mbale. Nikasiliza kutila, nichosa kamozi."

"Timiyala!" Mkuluyo anawomba m'manja, akuseka, misozi ikutsikira m'ndevu. "Sabata yathunthu ndalimbana ndi choko, kutsuka chinthu choyera kale! Amayi ake Idris, mwamva? Mwana amene tinakana kupita ku ukwati wake!"

Ba Binti anamva. Manyazi anawagwira, ndipo sanawabise. Anayang'ana mpongozi wawo nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuona koyamba. Kenako, poti munthu sasintha tsiku limodzi, anayamba ndi kukalipa.

"Inu atate ake Idris, kuyambira lero khitchini muziionera pawindo! Whyson! Leka kuseka, tulutsa makinawa padzuwa, uchotse matope onse, uumitse waya uliwonse. Ba Sajeni, kwezani swichi, nyama yanga ikulira."

Ba Kafula anakweza swichi. Babu linayaka, filiza inayamba kung'ung'udza, ndipo swichiyo inakhala m'malo mwake ngati sinagwepo. Azimayi a mpunga aja analuluta panja. Ba Kafula anaona kuti ntchito yawo yatha, koma sanachoke, chifukwa sutikesi inali ikadali m'manja mwa Felistus.

Ba Binti anaitenga sutikesiyo okha, n'kukaiponya kuchipinda. Atabwerako anayamba kumasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Inali mfundo yakale, yolimba, ndipo anachita kuiluma ndi mano. Pa mulu wa makiyi aja, amene ngakhale Hafswa anali asanawagwirepo, anachotsa kiyi wa loko ya filiza ndi wa chipinda chosungira mpunga ndi mafuta.

Anatenga dzanja la Felistus, anaika makiyiwo pachikhatho, n'kupinda zala zake ndi manja awo onse awiri.

"Chakudya cha a Shehe Loweruka mugawe ndinu, mwana wanga," anatero. "Pano palibe wina amene ndingamukhulupirire kuti amafika pa seveni."